Nambala ndi ya banki, koma woimbayo ndi mbava

Palibe munthu wokhala ndi foni mu Lilongwe muno amene sanalandirepo uthenga uja wakuti, "Ndalama ija mungotumiza pa nambala iyi, foni yanga yavuta." Umafika m'mamawa, umafikanso usiku. Umamupeza wogulitsa kaunjika pa Tsoka, umamupezanso bwana wa ku Capital Hill. Ambiri timangoseka n'kuufufuta, ena amayankha mwachipongwe kuti atumiza kale. Wotumizayo sizimukhudza. Iye amamwaza uthenga womwewo kwa anthu ambirimbiri podziwa kuti pa chigulu chonsecho sipalephera mmodzi amene analidi ndi ngongole ya lendi kapena ya feteleza, ndipo amangodikira kuuzidwa potumiza.

Popeza chinyengo chimenechi tachizolowera, tayamba kudziona ngati akatswiri. Kumayadi, ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, anthu amakamba za oberedwa pa foni ngati nkhani ya agogo akumudzi ndi atsikana antchito. Koma mbava si yopusa kuti izingothamangitsa K5,000 ya agogo pomwe ikudziwa kumene kuli maakaunti onenepa. Kwa anthu ophunzira imabwera mophunziranso.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito ku City Centre. Ndi Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, malipiro angolowa kumene. Foni ikulira, ndipo pagalasi paoneka dzina la banki yake, dzina lomwe analisunga yekha pamodzi ndi nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lake. Woimbayo ndi mnyamata waulemu, wosakaniza Chingerezi ndi Chichewa monga amachitira a m'maofesi. Akumutchula dzina lake lonse. "Pepani madamu kukusokonezani. Kodi muli ku Mzuzu? Chifukwa pali munthu akufuna kutapa ndalama mu akaunti yanu kumeneko." Mayi uja mtima uli phaa. Mnyamatayo akumukhazika mtima pansi, akuti asadandaule, atseka pompano. Akungopempha chinthu chimodzi: pafika uthenga wa manambala pa foniyo, awawerenge msanga nthawi isanathe.

Uthenga ukufikadi, ndipo ukuchokeradi ku banki. Koma wabwera chifukwa mbavayo, ili pa kompyuta kwinakwake, yayamba kulowa mu akaunti ya mayiyo, ndipo banki ikufunsa mwini wake ngati ndi iyeyo. Akangowerenga manambala aja, wavomera yekha. Pofika pa mzere wa ATM madzulo, ndalama ya fizi ndi ya lendi yapita kalekale.

Mayi ameneyu si wopusa. Iye wakhulupirira chinthu chimene tonse timachikhulupirira, chakuti nambala yooneka pagalasi ndi umboni wa amene akuimba.

Galasi la foni si mboni

Mukalemba kalata, kuseri kwa envulopu mumalemba nokha dzina ndi keyala ya wotumiza. A positi safufuza ngati mwanena zoona, ntchito yawo ndi kufikitsa kalatayo. Nambala ya woimba imayendanso chimodzimodzi. Ndi kachidziwitso kamene kamatsagana ndi foni kuchokera kumene yayambira, ndipo makampani omwe foniyo ikudutsamo amangopatsirana. Njira yomwe makampani a mafoni amalumikizirana, yotchedwa SS7, inakonzedwa m'zaka za m'ma 1970, pamene makampaniwo anali owerengeka, ambiri aboma, ndipo ankakhulupirirana. Palibe amene ankaganiza kuti tsiku lina munthu wamba adzatha kuimba foni kuchokera pa intaneti ali kuchipinda kwake. Lero mafoni ochuluka amayambira pa intaneti, ndipo pa mapulogalamu ena woimbayo amalemba yekha nambala yomwe akufuna kuti ioneke. Foni yanu ikalandira nambalayo imangoyang'ana m'mayina omwe munasunga, n'kukuonetsani dzina logwirizana nayo. Siinama mwadala, imangobwereza zomwe yauzidwa. Mauthenga olemba nawonso amatheka kuwaveka dzina la kampani, ndipo foni ikhoza kuwaika pamzere umodzi ndi mauthenga enieni a kampaniyo.

Amene ali ndi abale kunja mwina anaziwonapo izi mosazindikira. Mchimwene wanu akuimba ali ku Johannesburg, koma pagalasi paoneka nambala ya konkuno yoyamba ndi 099 kapena 088. Zimachitika foni ikadutsa m'kabokosi kodzaza masimukhadi, kamene anthu ena amagwiritsa ntchito pozembetsa mafoni akunja kuti alowe ngati a m'dziko momwemo, n'cholinga chozemba malipiro. Ngati nambala ya ku Joni ikhoza kusanduka ya ku Lilongwe, palibe chodabwitsa kuti ya mbava isanduke ya banki.

Kukula kwa malonda amenewa kunaonekera ku Britain mu November 2022, apolisi a ku London atatseka tsamba la pa intaneti lotchedwa iSpoof. Tsambali linkagulitsa ntchito imodzi yokha: munthu amalipira, kenako amaimba mafoni ooneka ngati akuchokera ku mabanki ndi ku maofesi a msonkho. Pa miyezi 12 yokha, mafoni pafupifupi 10 miliyoni anaimbidwa kudzera pa tsambali, ndipo ndalama zobedwa padziko lonse zinaposa mapaundi 100 miliyoni. Mkulu wake, Tejay Fletcher, anagamulidwa mu May 2023 kukakhala kundende zaka 13 ndi miyezi inayi. Ambiri mwa oberedwawo anali anthu a m'mayiko omwe pafupifupi aliyense amadziwa kuwerenga.

Pafupi ndi ife, mu April 2024, akuluakulu a chitetezo ku Zambia anathyola ofesi ya kampani ya Golden Top Support Services ku Roma, limodzi mwa madera a anthu opeza bwino mu Lusaka. Anagwira anthu 77, ndipo anapeza masimukhadi oposa 13,000 pamodzi ndi mabokosi aja ozembetsera mafoni. Achinyamata a ku Zambia analembedwa ntchito ngati olandira mafoni wamba, n'kupatsidwa mawu oti azinyengerera nawo anthu a m'mayiko osiyanasiyana. Mu June chaka chomwecho nzika 22 za ku China zinalamulidwa kukakhala kundende, wamkulu wawo zaka 11. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi, kudzera pa Mchinji ndi Chipata.

Kuno kwathu zambiri sizifuna n'komwe kompyuta. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo chikwama cha Mmalawi chinasamukira m'foni. Mbava nazo zinasamukira komweko. A Daud Suleman, pamene anali mkulu wa bungwe la MACRA, ananenapo kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'mafoni. Si onse amene amadandaula, ndipo tonse tikudziwa kuti bwana woberedwa amasankha kufa nazo mumtima kusiyana n'kuti anyamata ake amuseke. Chodabwitsa n'chakuti apolisi akhala akunena kuti mbali yaikulu ya mafoni amenewa imachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Munthu woti anamangidwa kale, nthawi ali nayo yambiri, ndipo kuopsezedwa ndi ndende sikumutsitsa thukuta. Koma ndalama sizitapidwa m'chitolokosi. Pali anzake kunja kuno amene amazilandira, ndipo pali amene amalowetsa mafoniwo pachipata.

Mu 2018 tonse tinaima pamizere kulembetsa masimukhadi athu ndi chiphaso cha unzika, ndipo tinauzidwa kuti umbava wa pa foni watha. Sunathe. Mbava zinangophunzira kulembetsa nambala ndi ziphaso za anthu ena: zotayika, zobedwa, za omwalira, kapena za munthu wakumudzi amene anapereka chiphaso chake kwa wolembetsa wa m'mbali mwa msewu osadziwa kuti chalembetsedwa kangapo. Apolisi akatsata nambala amakapeza gogo wosadziwa kanthu.

Pa kauntala ya ejenti

Amene amalasidwa kwambiri ndi maejenti, aja okhala m'tizinyumba tofiira ndi tobiriwira kuyambira ku depoti, kutsika ndi Malangalanga, mpaka pa Bwalo la Njobvu. Njira ina yowabera ndi yachikale koma imagwirabe. Kasitomala wovala bwino afika nthawi ya phokoso, maminibasi akuitanira, anthu atatu ali pamzere. "Asisi, tandibwerekani foni yanuyo ndilembe ndekha nambala, mungalakwitse." Pa kamphindi komweko wasunga nambala ya mnzake m'foni ya ejenti, n'kuipatsa dzina la kampani. Akachoka, pafika uthenga wooneka ngati wa kampani wonena kuti ndalama zalowa, ndipo wina abwera kudzatapa ndalama zomwe sizinalowe. Kapena foni ilira, dzina la kampani lili pagalasi, ndipo "wa ku likulu" auza ejenti kuti akukonza akaunti yake, adine izi ndi izi. Podina pamenepo akutumiza yekha mpamba wake wonse. Uku n'kunamizira dzina kwa osauka, kopanda intaneti, koma zotsatira zake ndi zomwe zija za mayi wa ku City Centre.

Nkhani zomwe akubawa amabwera nazo zimasintha ndi nyengo. Nthawi ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo amakhala a ku unduna wa zaulimi. Boma likalengeza za Mtukula Pakhomo amakhala a ku khonsolo. Kukamveka kuti akulemba asilikali, apolisi kapena anamwino, amakhala ndi "malo awiri otsala." Achinyamata atayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, nkhani ya ntchito zakunja inakhala nyambo yokoma. Palinso ya dalaivala wochokera ku Joni amene wanyamula katundu wanu koma wakanirira pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, akufuna ya msonkho. Yowawa kuposa zonse ndi ya mwana: "Ndine mphunzitsi wa kusukulu kwa mwana wanu, wagwa, tili naye ku Central, adokotala akufuna ndalama pompano." Kholo likamva zimenezi nzeru zimabalalika.

Ambiri amadabwa kuti mbava yadziwa bwanji dzina lawo, la mwana wawo, ndi kumene amagwira ntchito. Timawapatsa tokha. Lowani mu ofesi iliyonse ku City Centre, pachipata mupeza buku la alendo lili chitsegukire: dzina, nambala, kumene mwachokera, amene mukukamuona. Aliyense wolemba pambuyo panu amawerenga tsamba lonse. Makadi a ukwati amanyamula manambala a ankhoswe ndi a msungichuma. Uthenga wa maliro umazungulira m'magulu a WhatsApp uli ndi dzina la womwalira, mudzi wake, tsiku loika, ndi nambala yotumizirako chipepeso, ndipo sipatenga nzeru zambiri kusintha nambala imodziyo n'kuutumizanso. Pa Facebook timaika chithunzi cha mwana atavala yunifolomu yoonetsa baji ya sukulu. Makope a ziphaso zathu ali mbwee m'maofesi ndi m'malo ojambulitsa mapepala. Lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu 2024 ndipo woliyang'anira ndi MACRA, koma buku la pachipata lija likadali chitsegukire.

Chida chachikulu cha mbava, komabe, si kompyuta kapena buku la alendo. Ndi ulemu wathu. Tinaleredwa kuti wamkulu sadulidwa mawu, kuti bwana safunsidwa kawiri, kuti mlendo sakayikiridwa pamaso. Munthu akaimba n'kunena kuti ndi wa ku likulu la apolisi ku Area 30, kapena ndi mlembi wa nduna, Mmalawi amaimirira ngakhale ali yekha m'nyumba, n'kuyamba "inde bwana, chabwino bwana." Mu mzinda wa maofesi ngati uno, momwe lamulo limatsika kuchokera pamwamba popanda wofunsa chifukwa, zimenezi n'zoopsa. Wowerengera ndalama akalandira uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi chithunzi cha bwana wake, wonena kuti ali mu msonkhano ku BICC ndipo ndalama zitumizidwe msanga kwa wakutiwakuti, amaopa kufunsa kuposa kulakwitsa. Chithunzicho aliyense akhoza kuchitenga pa intaneti. Ngakhale mawu enieniwo masiku ano amapangidwa ndi kompyuta. Ku Hong Kong mu 2024, wantchito wa kampani ya Arup anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa kanema ndi "mabwana" ake, omwe nkhope ndi mawu awo zinali zopanga.

Pa ulemupo amawonjezera changu. Nthawi zonse pamakhala chifukwa choti musadule foni, musafunse munthu, muchite pompano. Akulu anati fulumira adadya gaga.

Dulani, muimbe nokha

Mwayi wathu ndi wakuti bodza la nambala limayenda njira imodzi. Mbava ikhoza kuvala nambala ya banki poimba, koma inu mukaimba nambala yomweyo, foni imakafika ku banki yeniyeni. Choncho chitetezo chachikulu n'chosavuta kuchinena ngakhale chimavuta kuchichita: dulani foni, pumani pang'ono, kenako imbani nokha. Musaimbe nambala yomwe woimbayo wakupatsani, kapena yomwe ili mu uthenga wake. Tengani ya kuseri kwa khadi lanu, ya pa chikalata cha banki, kapena pitani ku nthambi. Ngati ndi za mwana, imbirani ofesi ya sukulu kapena mphunzitsi amene mumamudziwa. Ngati ndi bwana, muimbireni pa nambala yake ya masiku onse. Bwana amene angakwiye chifukwa mwatsimikiza musanatulutse ndalama za kampani ndiye kuti ali ndi vuto lina. Wa ku banki weniweni sadandaula mukamuuza kuti muimbanso. Amene amayamba kukalipa, kuopseza kuti akaunti itsekedwa, kapena kuchonderera kuti musadule, wadziulula yekha.

Nambala yachinsinsi ndi manambala aja obwera pa uthenga sizipatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya foni. Iwo sazifuna pa ntchito yawo. Chimodzimodzi manambala asanu ndi limodzi a WhatsApp: mnzanu akalemba kuti "ndatumiza kodi kwa iwe molakwitsa, tanditumizire," dziwani kuti akaunti yake yabedwa kale ndipo yotsatira ndi yanu. Mu WhatsApp momwemo muli malo oikapo nambala yachinsinsi yachiwiri, ndipo kuiika kumatenga kanthawi kochepa kuposa kuwiritsa tiyi. Nambala yachinsinsi isakhale chaka chanu chobadwa, chifukwa chili pa chiphaso chomwe makope ake ali ponseponse.

Wina akati wakutumizirani ndalama molakwitsa, musadalire uthenga womwe wafika. Onani nokha ndalama zotsala podina *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Ngati zalowadi, muuzeni adandaule ku kampani kuti ibweze yokha. Musadinenso manambala omwe munthu akukuwerengerani pa foni. Ena mwa iwo, monga oyamba ndi *21*, amapatutsa mafoni anu onse kuti azipita kwa munthu wina. Mukakayika kuti zinachitika kale, ##002# imafufuta kupatutsa konse.

Foni yanu ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pomwe a pafupi nanu ali nayo, musangoti ndi mavuto a masiku onse. Nthawi zina ndiye kuti wina wakatenga simukhadi yatsopano ya nambala yanu ponamizira kuti ndi inuyo, ndipo mauthenga onse a ku banki akupita kwa iye. Thamangirani ku ofesi ya kampani ya foni tsiku lomwelo, ndipo dziwitsani banki. Za manambala achilendo akunja omwe amangofulasha usiku, asiyeni. Amafuna muimbenso kuti mayunitsi anu athere pa nambala yodula yomwe iwo amadyapo gawo.

M'nyumba za kumayadi muli khomo lina lomwe eni ake amaliiwala. Bwana ndi dona akapita kuntchito, pakhomo pamatsala mlonda, wa m'dimba ndi wantchito wa m'nyumba. Foni ikabwera yakuti "abwana akuti mupereke TV kwa amene akubwera kudzaikonza," kapena "adona achita ngozi, tumizani ndalama ya ndiwo ija," wantchito amene anazolowera kukalipiridwa akafunsa sangafunse. Auzeni momveka kuti ali ndi ufulu wokana ndi wokuimbirani nthawi iliyonse, ndipo muziwasiyira mayunitsi oimbira. Makolo akumudzi nawonso auzeni kuti simudzasintha nambala popanda kuwauza pamaso kapena kudzera mwa wachibale amene amamudziwa. Mabanja ena amagwirizana funso lomwe yankho lake amalidziwa okha, monga dzina la galu wakale wa pakhomo.

Zikachitika, manyazi ndi amene amamaliza ntchito ya mbava. Ndalama zobedwa sizigona mu akaunti imodzi, zimadumphadumpha n'kutapidwa pa ejenti mofulumira, choncho mphindi zoyambirira ndi zamtengo wapatali. Imbirani banki kapena kampani ya foni nthawi yomweyo kuti atseke akaunti ndi kuyesa kuimitsa ndalamazo. Musafufute mauthenga, lembani nthawi ndi nambala, kenako kaneneni ku polisi, kaya ku Area 3, ku Lingadzi kapena kufupi ndi kwanu. Kubera munthu mwachinyengo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo kuyambira 2016 tilinso ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe linakhazikitsa nthambi yoona za chitetezo cha pa intaneti pansi pa MACRA. Ngati banki kapena kampani sikukuthandizani, Reserve Bank of Malawi, yomwe likulu lake lili pa City Centre pomwepo, imalandira madandaulo a makasitomala.

Koma si bwino kuti katundu yense asenzedwe ndi mwini foni. Mayiko ena anaona kuti kulangiza anthu pa wailesi sikukwanira. Ku America, lamulo la TRACED Act la 2019 linachititsa kuti pofika pa 30 June 2021 makampani akuluakulu a mafoni ayambe kutsimikizira kuti nambala yooneka ndi ya woimbadi, pogwiritsa ntchito njira yotchedwa STIR/SHAKEN. Ku Britain, bungwe la Ofcom limasunga mndandanda wa manambala omwe mabanki amangolandirirapo mafoni osaimbirapo, kotero kuti foni yooneka ngati yachokera pa nambala yotereyo imatsekedwa isanafike kwa munthu. Njira zimenezi sizinathetse umbava, koma zinatseka makomo ena. Ya mndandandayo ndi yoti MACRA, mabanki ndi makampani athu awiri akuluakulu a mafoni akhoza kuikambirana atakhala pa tebulo limodzi. Mabanki nawo asiye chizolowezi choimbira makasitomala pa manambala a m'manja a antchito awo n'kumafunsa tsiku lobadwa, chifukwa akutiphunzitsa okha kuyankha mafunso a anthu osawadziwa. Ndipo a ndende atiuze kuti foni imadutsa bwanji pachipata chomwe mayi wodzaona mwana wake amavundukulidwa ndi kontena ya nsima yomwe.